Mlembi uja wa pa kanema anali ndani?

Funsoli limamveka m'malo momwe anthu amaonera kanema pagulu, kaya ndi pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula: bambo aja ankakamba za mabuku dzana aja ndi ndani? Wofunsayo amakumbukira kuti anali a imvi, ovala magalasi, ndipo ananena mawu amene anamufika pamtima. Dzina lokha ndiye lathawa. Si kuti mutu wake sugwira. Wailesi za kanema zimalemba dzina la mlendo m'munsi mwa chithunzi kwa kanthawi kochepa, m'tizilembo ting'onoting'ono, moti amene wakhala kumbuyo m'chipinda chodzaza anthu saliona n'komwe. Ena amafika pulogalamu ili mkati. Enanso magetsi amawathimira wofunsa mafunso asanatsanzike mlendo wake, monga zinkachitikira miyezi yambirimbiri namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa mu Januwale 2022.

Palinso chifukwa china chozama. Tinakulira pa nthano, ndipo nthano ilibe mwini: agogo amaikamba, mdzukulu amaitenga, palibe wofunsa kuti anaipeka ndani. Chizolowezi chimenechi tinalowa nacho m'mabuku. Anthu ambiri amene anadutsa m'sukulu zathu amamudziwa Sikusinja ndi m'bale wake Gwenembe, koma afunseni amene analemba bukulo, ndi ochepa amene angatchule John Gwengwe. Nthondo amadziwika kuposa Samuel Josiah Nthara amene anamulemba, ndipo mutu woti Ikakuona Litsiro Sikata umatchulidwa ndi anthu amene dzina la Jolly Max Ntaba analiiwala kalekale. Kanema wa dziko lino nayenso ndi wa dzulodzuloli, anayamba mu 1999, choncho alembi ambiri tinawazolowera ndi khutu pa wailesi, nkhope zawo osazidziwa.

N'chifukwa chake nkhope ndiyo chizindikiro chofooka kwambiri pofufuza. Amuna a imvi ovala magalasi ndi ambiri. Chimene chimalozera mwini wake ndi nkhani imene ankakamba, ndi chiyankhulo chimene ankalembera.

Tiyerekeze kuti mlembiyo ankakamba za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi ku Nsanje. Pamenepo ndiye kuti ntchito yachepa kale, pakuti anthu amene analemba mabuku odziwika pa nkhani imeneyi ndi owerengeka. Steve Chimombo, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, analemba sewero la m'Chingerezi lotchedwa The Rainmaker lokamba za Mbona, ndipo linasindikizidwa mu 1978. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Netherlands amene anatumikira kuno kuchigwa cha Shire, anatulutsa River of Blood mu 1992. Ngati nkhani inali ya ulimi wa thonje, njala ndi moyo wa alimi a m'mbali mwa Shire, ganizirani za Elias Mandala, katswiri wa mbiri yakale amene buku lake la mu 1990 limafotokoza za chigwachi kuyambira 1859 mpaka 1960. Tsono apa nzeru zina n'zodzionera: a Schoffeleers anamwalira mu 2011, a Chimombo mu 2015. Ngati pulogalamuyo inali yatsopano, si iwowo. Ngati inali yobwereza, ya zithunzi zofuwirira, angakhale mmodzi wa iwo, ndipo khungu ndi kayankhulidwe zidzakuuzani kuti ndi uti.

Mlembi akakhala kuti ankalakatula ndakatulo m'Chichewa chotsetsereka, ambiri amathamangira kutchula Benedicto Wokomaatani Malunga, amene analemba Kuimba kwa Mlakatuli ndi kumasulira buku la Chinua Achebe m'Chichewa n'kulitcha Chipasupasu. Mwina n'kukhaladi iwowo, koma alakatuli achuluka masiku ano, ndipo dzina lotchuka limakonda kumeza mayina ena. Munthu akangokuuzani mwamphamvu kuti "anali uje", mutu umavomera msanga n'kuyamba kusintha nkhope imene munaona ija kuti ifanane ndi dzinalo. Musavomere musanaone chithunzi chake kapena kumva mawu ake kachiwiri.

Njira yachidule ndi kubwerera kumene mawuwo anachokera. Kumbukirani kuti munkaonera MBC, Times, Zodiak, Mibawa kapena Luntha, tsiku lanji, nthawi yanji. Mukaiwala tsiku, kumbukirani zimene zinachitika tsikulo: linali la msika, kapena panali mpira. Wailesi zimenezi zili ndi masamba pa Facebook, ndipo mapulogalamu ena amasiyidwa pamenepo kapena pa YouTube. Zikakanika, imbani foni kapena lembani uthenga wofunsa mkonzi wa pulogalamuyo. Mkonzi amadziwa amene anamuitana. Mukakumbukira mawu awiri kapena atatu a mutu wa buku, alembeni pa Google n'kuwonjezerapo Malawi, ngakhale kuti mabuku a m'Chichewa ambiri, makamaka akale, sapezeka pa intaneti.

Pamene intaneti yalephera, anthu amathandiza. Aphunzitsi a Chichewa ndi a Chingerezi ku sekondale ya kwanu amakhala ndi mayina ambiri m'mutu, ndipo amasangalala akafunsidwa za buku ndi munthu amene sakukonzekera mayeso. Kuli bungwe la alembi la Malawi Writers Union, kulinso COSOMA imene imayang'anira umwini wa zopekapeka. Ku Zomba kuli National Archives, kumene lamulo limati buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno lizikasiyidwako. Kwa munthu wa ku Makhanga kapena ku Marka, Zomba ndi kutali, tikudziwa. Koma mwana wa m'mudzi amene akuphunzira kumeneko akhoza kutumidwa.

Ife tikuona kuti mbali yaikulu ya vutoli ili m'manja mwa owulutsa mawu. Kubwereza dzina la mlendo ndi mutu wa buku lake pakamwa, poyamba, pakati ndi pomaliza, sikufuna ndalama. Pa mpira amatchula wosewera nthawi iliyonse akagwira mpira. Mlembi amatchulidwa kamodzi, basi. Wailesi za m'madera monga Gaka ku Bangula ndi Nyathepa ku Nsanje zingathe kutsegula kanthawi koti omvera azifunsa za mabuku ndi alembi m'Chisena ndi m'Chimang'anja, wina akafunsa, wina woidziwa nkhaniyo n'kuimba foni kuyankha.

Dzina likapezeka, patsala kupeza bukulo, ndipo apa mpamene munthu wa kuchigwa amavutika. Mabuku a Schoffeleers ndi Mandala anasindikizidwira ku America, m'Chingerezi, ndipo anthu a ku Khulubvi ndi alimi a thonje amene akukambidwamo ambiri sanawaonepo. A m'Chichewa ndi osavutirapo: funsani ku laibulale ya sukulu, kapena tumani amene akukwera mtunda wa Thabwa kupita ku Blantyre kuti akafunse m'masitolo a mabuku monga a CLAIM. Mumulembere papepala dzina la mlembi ndi mutu wa buku, zonse ziwiri, chifukwa wogulitsa akangomva chimodzi chokha sachedwa kunena kuti kulibe.