Tiyeze mvula yopita ku Chilwa

Ena mwa inu mumaganiza kuti fizikisi imathera mu labu. Mukapite pa chilumba cha Chisi, m'nyanja ya Chilwa, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, komanso ndi yosaya. Nanga madziwo amapita kuti? Ambiri amauluka ngati nthunzi. Thirani madzi ofanana m'kapu ndi m'mbale yotambalala, muike padzuwa, muone omwe ayambe kutha. Chilwa ndi mbaleyo. Mu 1995 inaphweratu, ndipo mu 2018 mabwato ambiri anagona pamatope.

Madzi akachepa, matemba ndi mlamba zimasowa, asodzi a pazimbowera amasamuka, ndipo anthu ena amatembenukira ku mbalame za m'madzi kuti apeze ndiwo. Mbalame zimenezi ndi zomwe zinathandiza kuti Chilwa ilowe m'ndandanda wa madambo a Ramsar. Kuziwerenga n'kotopetsa, kunena zoona: kukhala m'bwato, udzudzu ukuluma, n'kumalemba manambala. Koma popanda manambalawo tingadziwe bwanji ngati zikuchepa chifukwa cha alenje kapena chilala?

Ine ndikuti sukulu zathu kuno ku Chiradzulu zisamangoonerera. Mtsinje wa Namadzi umathira ku Chilwa, ndiye mvula yathu ili ndi gawo pa nkhaniyi. Pezani chitini chowongoka ndi rula, muike poyera kutali ndi mitengo. Tsiku lililonse m'mawa, nthawi yomweyomweyo, yezani mamilimita, lembani m'kope, khuthulani. Tsiku lopanda mvula lembaninso 0.