Amene sakumveka m'bala si mwini ndalama

Pali dandaulo limene limamveka pakati pa alendo olankhula Chingerezi amene amayendera mizinda ngati Bangkok, Prague ndi Tokyo. Amati akalowa m'nyumba zimene akazi amavina atavula, chilankhulo chimawasokoneza: samva mtengo wa chakumwa, sadziwa chimene avomera, ndipo potuluka amapatsidwa ngongole imene sanaiyembekezere. Dandauloli n'lopanda manyazi. Munthu wakwera ndege pasipoti ili m'thumba, walowa ndi miyendo yake pakhomo la haramu, ali ndi kazembe wa dziko lake woti amuthandize zikavuta, ndiye akufuna timumvere chisoni kuti sanamveke. M'nyumba imeneyo alimodi munthu amene chilankhulo chamumanga, koma munthuyo ndi mtsikana amene akuvinayo.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, tisayese kuti nkhaniyi ndi ya kutsidya kwa nyanja kokha. Kwathu kuno nyumbazo timazitcha mabala ndi malesitihausi, ndipo nyengo yake yaikulu ndi ya fodya. Msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa, mabelo n'kuyamba kugulidwa m'madola, ndalama zimayenderera m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira pa boma la Kasungu mpaka Chatoloma ndi Nkhamenya. Ndalama zikafika, nawonso atsikana amafika. Ena amabwera mwa kufuna kwawo. Ena amachita kutengedwa kumidzi yakutali atalonjezedwa ntchito ya m'nyumba kapena yogulitsa chakudya.

Amene amachita malonda oipawa amadziwa chifukwa chake wochokera kutali ndiye wabwino. Taganizirani mwana wa ku Makanjira kapena ku Katuli amene anakulira m'Chiyao, anasiyira sukulu Sitandade 3, ndipo Chichewa chake n'chothyoka. Akafika kumpoto kwa Kasungu amapeza anthu akulankhula Chitumbuka. Tsiku lomwelo amauzidwa kuti ali ndi ngongole ya thiransipoti, ya chipinda ndi ya zovala, ndipo kope la ngongoleyo sangaliwerenge. Sadziwa kumene kuli polisi. Atakudziwa, adzafotokoza bwanji zamanyazi zoterozo m'chilankhulo chimene amachita nacho chibwibwi? Pakhomo palibe loko, koma mwanayo satuluka.

Wogula alibe vuto limeneli, pakuti womasulira wake ndi ndalama. Ndipo tisanamizane: pakati pa ogulawo pali amuna athu. Wina wapita ku Kasungu kukagulitsa usipa, wina kaunjika, wina walandira za fodya. Lachisanu amaima pamzere woyamba mumzikiti, Loweruka usiku wabisa chisoti m'thumba. Akamva mtsikana wa m'bala akulankhula Chiyao, m'malo mofunsa kuti ndi mwana wa yani ndipo anafika bwanji kumeneko, amakondwa kuti mtengo amvana msanga. Iyeyo ndiye yekha m'chipindamo amene akanamumva mwanayo, koma khutu lakelo walisandutsa chida chamalonda. Surat An-Nur, imene pa ndime 30 imalamula amuna okhulupirira kutsitsa maso awo, pa ndime 33 imaletsanso kukakamiza atsikana uhule pofuna chuma cha dziko lapansi. Amene amalipira ndi amene amapangitsa kuti kukakamizako kupindule.

Chingwe chomwechi n'chimene chamanga matenanti kwa zaka zambiri. Mabanja a kunyanja ndi a m'chigawo cha kummwera akhala akukwezedwa malole kupita ku maesiteti a Kasungu pa pangano la pakamwa. Chimanga, feteleza ndi mankhwala zimalembedwa m'buku la bwana, ndipo pakutha pa nyengo tenanti amangouzidwa kuti chotsala n'chakuti. M'mwezi wa Novembala 2019 boma la America linaletsa fodya wa ku Malawi kulowa m'dzikolo chifukwa cha ntchito yokakamiza ndi yogwiritsa ana. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Koma lamulolo linalembedwa m'Chingerezi, ndipo amene linabwera kudzamuteteza ali m'chigafa, sanalimvepo m'chilankhulo chake.

Mwana akadutsa malire, chingwecho chimalimba. Kalekale mu 2003 bungwe la IOM linalemba za akazi a ku Malawi amene ankazembetsedwa kupita ku South Africa ndi ku Ulaya kukagulitsidwa matupi, komanso za ana a m'mbali mwa nyanja amene ankanyengedwa ndi alendo. Lero matransipota akudutsabe pa Mwanza ndi pa Dedza, ndipo mtsikana amene watsitsidwa ku Johannesburg kapena ku Durban wopanda mapepala, wosamva Chizulu kapena Chingerezi, ali m'manja mwa amene wamulandira. Mu 2024 wailesi ya BBC inaonetsa akazi a ku Malawi amene anazunzika pa ntchito za m'nyumba ku Oman. Limenelo ndi dziko la Asilamu anzathu, ndipo Chiarabu cha pa Swala sichikwanira kuti munthu aitanitse pasipoti yake kapena awerenge pangano limene wasainira.

Ena anena kuti zonsezi ndi umphawi. N'zoona kuti umphawi ndi umene umatulutsa mwana pakhomo. Koma osauka awiri akagwera m'manja mwa chigawenga, amene amatha kuwerenga chikwangwani, kulemba uthenga pafoni ndi kufotokoza nkhani yake ndiye amapulumuka msanga. Ena anenanso kuti sukulu ndi Chingerezi n'zimene zimaononga ana. Makolo athu anali ndi chifukwa chokanira sukulu za mishoni, pakuti nthawi imeneyo kulowa m'kalasi kunkayendera limodzi ndi kusiya chipembedzo. Nthawi imeneyo inapita. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, ndipo mu 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu anasainirana pangano lolola atsikana athu kuvala hijabu m'sukulu za mipingo. Kholo limene lero likuchotsa mwana wamkazi pasukulu likumukonzera chete amene ozembetsa anthu amamufuna.

Chisilamu sichinaopepo zilankhulo. Surat Ar-Rum, ndime 22, imaika kusiyana kwa zilankhulo zathu pakati pa zizindikiro za Allah. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, analamula Zayd ibn Thabit kuphunzira kulemba ndi kuwerenga chilankhulo cha Ayuda kuti makalata a Asilamu asadalire womasulira wachilendo. Ngati Mtumiki anaona ngozi m'kusadziwa zolembedwa za anthu oyandikana nawo, ife tikuona chitetezo chanji potumiza mwana kwa eni dziko asakudziwa ngakhale kupempha thandizo?

Choti tichite chilipo. Lamulo loletsa kuzembetsa anthu la 2015 limapereka chilango chofika zaka 14 kwa wozembetsa munthu wamkulu ndi zaka 21 kwa wozembetsa mwana. Masheikh athu alifotokoze pa khutba m'Chiyao ndi m'Chichewa, makamaka miyezi imene malole a kumaesiteti amayamba kuzungulira m'midzi. Mabungwe a Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi, pamodzi ndi Radio Islam, alibwereze mpaka mayi aliyense wa kudambwe ndi kudoko alidziwe. Mizikiti ya ku Kasungu isankhe amayi olankhula Chiyao amene mtsikana wothawa m'bala angawafikire osafunsidwa kaye za machimo ake, ndipo amuperekeze ku polisi n'kukamumasulira.

Inu makolo, safunsa anadya phula. Wobwera ndi lonjezo la ntchito mumufunse dzina la mwini ntchito, mudzi kapena tauni yake ndi malipiro, ndipo ayankhe pamaso pa mfumu. Mwana asachoke alibe nambala ya foni ya kwawo pamtima. Wosafika zaka 18 asachoke n'komwe. Ndipo inu abambo amene mukupita ku Kasungu nyengo ino, mukamva Chiyao pakhomo la bala, mufunse mwanayo kwawo, mudziwitse abale ake ndi apolisi. Allah atiteteze ife ndi ana athu.