Kamera Isathere pa Mbiya ya Kachasu

Amene anaonera The Last Fishing Boat, filimu ya Shemu Joyah ya mu 2012, akudziwa mphamvu ya kanema: umphawi wa msodzi wa kunyanja kwathu kuno unafika m'maso mwa anthu omwe sanagwirepo nkhafi. Choncho ena akamati opanga mafilimu aonetsenso mavuto a mayi wotcheza kachasu ku Mwanza, Asilamu tisafulumire kutseka maso. Mayiyo alipodi. Amagula shuga wodula, amasakasaka gaga ndi nkhuni, amachezera pamoto kudikira kuti mpopi udonthe, ndipo fizi ya ana ake imachokera m'botolomo.

Chomwe tikukana ndi filimu yothera pa mbiya, yomutcha kachasu bizinesi ngati ina iliyonse. Kamera itsatire botololo. Ifike kunyumba kwa bambo amene wagulitsa manachesi pamsewu wopita ku Zobue, ndalama yonse n'kuisiya pamowa, ana n'kugona ndi njala. Fizi ya mwana wa wotcheza yatuluka m'mbale ya mwana wa womwa. Wojambula woonetsa misozi ya mayi mmodzi n'kubisa ya mnzake wanama, ngakhale zithunzi zake zikongole chotani.

Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 chifukwa unkaononga achinyamata. Nanga kachasu, amene botolo lake silinena n'komwe ukali wake, tim'veke nkhata ya maluwa?

Qur'an sinabise mbali iliyonse. Surah Al-Baqarah ndime 219 ikuvomereza kuti mowa uli ndi kaphindu, koma tchimo lake ndilo lalikulu. Ndipo Mtumiki Muhammad (SAW) anatemberera anthu khumi pa nkhani ya mowa, kuphatikizapo woufulula, wounyamula, wougulitsa ndi wodya ndalama yake. Wagolosale amene amagulitsa shuga akudziwa bwino lomwe kopita adzifunse yekha.

Komabe kunena kuti haraam sikuphika nsima. Zakaat ndi 2.5 pa 100 ya chuma chosungidwa, ndipo osauka ndi amene atchulidwa poyamba pa oyenera kuilandira. Manachesi a ku Mwanza amaola nthawi yokolola posowa msika. Amalonda athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota atagwirizana zogula zipatsozo, ndipo makomiti a mizikiti atapereka mpamba kudzera mu zakaat ndi sadaka, mayi uja akhoza kufudikiza mbiya osaopa njala.

Opanga mafilimu anene chilungamo chonse. Ife tipereke mpamba, pakuti wodzudzula chimanjamanja naye wathera pa mbiya.