Wofuna ku Poland asayambe ndi kutaya Chinyanja

Makolo anzanga a kuno ku Fonte Boa, a ku Tsangano, Ulongwe ndi Domwe, lero ndiyankhe mawu amene afala pa misonkhano ya makolo. Ambiri mukuti: "Mwana wanga ndikufuna adzapeze bolsa akaphunzire ku Ulaya, musamuike m'kalasi ya zinenero ziwiri. Chinyanja chimathera pa Dedza." Ena mwayamba kutchula Poland, poti mwamva kuti kumeneko amalandira ophunzira a ku Africa.

Cholinga chanucho n'chabwino, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma njira mwasankhayo ndikuikana, ndipo ndiikana ndi nkhani ya Poland yomweyo.

Dziko la Poland linafufutidwa pa mapu mu 1795, Russia, Prussia ndi Austria atagawana, ndipo linabwereranso mu 1918, patapita zaka 123. M'zaka zimenezo ana ambiri ankakakamizidwa kuphunzira m'Chijeremani kapena m'Chirasha. Mu 1901, m'tauni ya Września, ana a sukulu anakana kuyankha katekisimu m'Chijeremani. Anakwapulidwa, makolo amene anapita kukawaikira kumbuyo anaponyedwa m'ndende. Agogo athu amene analawa palmatória nthawi ya Apwitikizi sangaimve ngati nthano nkhani imeneyi. Maria Skłodowska-Curie, amene analandira mphoto ya Nobel kawiri, mu 1903 ndi mu 1911, ankaphunzira mobisa m'Chipolishi ku Warsaw asanapite ku Paris mu 1891. Chifalansa anachidziwa bwino, koma chake sanachitaye. Anthu amenewa lero amaphunzitsa udokotala, masamu ndi malamulo m'chinenero chawo. Tsono inu mukufuna kuwatumizira mwana amene mwamuphunzitsa kuchita manyazi ndi lilime la mayi ake, kuti akaoneke wozindikira pamaso pa ndani?

Tibwere ku zokonzekera zenizeni, poti apa m'pamene ambiri amagwa.

Choyamba ndi zikalata. Satifiketi ya 12ª classe iyenera kutsimikizidwa ndi maofesi a boma, kenaka kumasuliridwa m'Chipolishi ndi womasulira wolumbira. Onani bwino kuti dzina lalembedwa chimodzimodzi pa BI, pa pasipoti ndi pa satifiketi. Mayina athu ambiri analembedwa ndi khutu la Chipwitikizi, pepala lina w, lina u, lina ch, lina tch. Chilembo chimodzi chikhoza kuimitsa ulendo wonse. Mwana wodziwa kulemba dzina lake m'Chinyanja ndiye amaona msanga pamene palakwika.

Chachiwiri ndi viza. Wophunzira amafunika viza ya mtundu wa D, ndipo ofesi ya kazembe wa Poland yoona za Mozambique ili ku Pretoria. Ndalama ya ulendo umenewo muiwerengere padera, komanso inshuwalansi ya chipatala ndi umboni wakuti mwana ali ndi chodyera kumeneko. Ndalama yawo ndi złoty, si euro.

Chachitatu ndi bolsa yeniyeniyo. Bungwe la boma la Poland lotchedwa NAWA lili ndi bolsa ya Stefan Banach, koma ndi ya amene atsiriza kale digiri yoyamba ndipo akufuna mestrado. Mndandanda wa mayiko ololedwa muziuwerenga nokha pa chilengezo cha chaka chimenecho, ndipo muziyang'ananso zolengeza za Instituto de Bolsas de Estudo kuno kwathu. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mum'tumizire ndalama kuti "asunge malo", dziwani kuti mbatata ya kachewere ya chaka chonse ikupita m'madzi.

Chachinayi ndi nyengo. Chisanu cha kuno mu Juni chatiphunzitsa jekete, koma kumeneko madzi amauma gwaa panja, ndipo mu Disembala mdima umagwa 4 koloko masana isanakwane.

Chachisanu, chachikulu pa zonse, ndi chinenero. Maphunziro a m'Chingerezi alipo, koma basi, msika, chipatala ndi ofesi yopereka chiphaso chokhalira m'dzikomo zimayenda m'Chipolishi. Ku yunivesite ya Łódź kuli sukulu imene yakhala ikuphunzitsa alendo Chipolishi kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo ophunzira amakhala chaka chamaphunziro chathunthu asanalowe m'kosi yawo. Chaka chawo chimayamba pa 1 Okutobala, pamene chathu chimatha kumapeto a chaka. Miyezi ya pakatiyo si yokhala pa bawo, ndi yoyamba Chipolishi pa foni.

Apa ndiye pamene Chinyanja chimalowa ntchito. Mawu a Chipolishi amasintha kumapeto m'njira zisanu ndi ziwiri malinga ndi ntchito yake m'chiganizo. Mzinda ndi Warszawa, kupita kumeneko ndi do Warszawy, kukhala m'menemo ndi w Warszawie. Mwana woloweza Chipwitikizi ngati chinkhwe amaona ngati ufiti. Koma mwana amene anaphunzitsidwa chifukwa chake timati "mwana wanga wagwa", "ana anga agwa", "chimanga changa chagwa", amadziwa kale kuti mawu amamverana. Ife timasintha kumutu, iwo kumchira. Amene anaphunzira kusiyanitsa ng ndi ng', kapena p ndi ph, sathawa akaona ł, ę ndi sz. Ngakhale ulemu womwe: m'Chipolishi mphunzitsi sumunena ty, umati pan kapena pani, monga momwe kuno sitinenera "iwe" kwa akulu. Zimenezi mwana wathu anayamwira.

Ena mudzati, "Aphunzitsi, mayeso amalembedwa m'Chipwitikizi." Zoona, ndipo ine ndimaphunzitsa zonse ziwiri. Kalasi ya zinenero ziwiri sichotsa Chipwitikizi. Mwana amayamba kuwerenga ndi kuwerengera m'chinenero chimene amamva, uku akuphunzira kulankhula Chipwitikizi, kenaka amasamukira pang'onopang'ono. Njira imeneyi inayesedwa kuno ku Tete m'Chinyanja ndi ku Gaza m'Chichangana kuyambira 1993 mpaka 1997, m'ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo boma linailowetsa m'sukulu mu 2003. Mavuto alipo, mabuku amachepa ndipo aphunzitsi ena sanaphunzitsidwe kulemba Chinyanja. Pamenepo ndiye tikalipe, tifunse mabuku. Osati kuchotsa mwana wa zaka 6 n'kumukhazika zaka zitatu akuyankha "sim, senhor professor" pa zinthu zimene sakumva. Mwana wotero safika n'komwe ku 12ª classe, ndiye za Łódź tiziyambira pati?

Ndipo zoti Chinyanja chimathera pa Dedza zilekeni. Chimadutsa Lilongwe, Chipata mpaka Lusaka. Mwana akadzabwera ndi digiri ya ulimi kapena ya udokotala, odwala ndi alimi amene adzawatumikire adzam'funsa m'Chinyanja.

Kalembera wa 1ª classe akayamba, kafunseni a director ngati sukulu yanu ili ndi kalasi ya zinenero ziwiri. Ngati ilipo, mulembetseni mwanayo. Ngati palibe, funsani chifukwa chake, ndipo mudzatiuze zimene akuyankhani.