Pa Tsiku la Chikondwerero Pasakhale Mwana Woima Pazenera

Sabata ino ndafuna kuti tikambirane za ana athu aang'ono, aja a zaka zitatu kufikira zisanu amene timawaperekeza m'mawa ku sukulu ya mkombaphala, makamaka za tsiku la chikondwerero limene alezi awo amawakonzera chaka chikamatha. Ena adzati nkhani imeneyi ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya mtengo wa feteleza kapena ya matenda, komatu akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo zimene mwana aphunzira pa tsiku lotere amakula nazo.

Chaka chatha ndinaitanidwa ku mwambo wotsazikana ndi ana pa sukulu ina ya mkombaphala kwathu kuno. Makolo anali atauzidwa kuti asonkhe ndalama ya mkanjo, chisoti, keke ndi wojambula zithunzi. Tsiku litafika, m'chipindamo munali mokongoladi. Ana anakhala m'mizere atavala mikanjo yawo ngati ophunzira a ku yunivesite, ife makolo tikululutira. Ndili pakati pa kuwomba m'manja, maso anga anagwera pazenera, ndipo ndinaona kamtsikana kena kali panja, katagwira zitsulo za zenera ndi manja onse awiri. Kanali ka m'kalasi momwemo. Nyimbo zonse za tsikulo kanaziphunzira pamodzi ndi anzake kwa mwezi wathunthu, kotero kuti anzakewo akamayimba m'kati, iko kanali kuyimba chapansipansi panjapo osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Mlandu wake unali woti amake, amene amagulitsa masamba pamsika, sanathe kupeza ndalama ya mkanjo.

Ndivomere pamaso panu kuti pa msonkhano wa makolo umene unakhazikitsa msonkhowo, ine ndinali mmodzi mwa okweza mkono. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Patapita masiku awiri ndinapita kwa amake a mwana uja kukapepesa. Iwo anandiyalira mphasa nati, "Musavutike mayi, ndi mwana ameneyu, aiwala." Koma potsazikana anandiuza kuti dzulo lake mwanayo anawafunsa kuti, "Amayi, kodi ndinalakwa chiyani kuti aphunzitsi andisiye panja?"

Tsono amayi anzanga, taganizani zimene tinaphunzitsa ana tsiku limenelo. Wa pazenera uja tinamuphunzitsa kuti chimwemwe ndi chogula, ndipo kuti wopanda ndalama amachionera patali. Ovala mikanjo aja nawonso sanapite chimanjamanja: anaphunzira kuti munthu angathe kudya keke mtima uli m'malo mnzake ataima panja. Maphunziro onse awiriwo ndi oipa, ndipo tinawapereka ndi manja athu, tikuyesa kuti tikusangalatsa ana.

Amene tinakulira kumudzi tikukumbukira masanje. Anthu akatha kukolola, ana tinkapita kukakunkha chimanga ndi mtedza wotsalira m'minda, n'kumanga timisasa taudzu kunja kwa mudzi. Wina ankakhala mayi, wina bambo, wina mfumu, winanso fisi wodzaba ndiwo. Tinkaphika m'timiphika tathu n'kudyera pamodzi. Panalibe wolipira polowa, ndipo mwana wamasiye ankatha kukhala mfumu ya masanje mwana wa mfumu yeniyeni ali mtengambale wake. Makolo athu sanapite ku maphunziro a kaleredwe ka ana, koma ankadziwa kuti mwana amaphunzira kukondwa pochita nawo zinthu pakati pa anzake, osati poonerera.

Nzeru yomweyi lero inalembedwa m'mapangano a maiko. Pangano la bungwe la United Nations la ufulu wa ana, la chaka cha 1989, limene dziko la Malawi linavomereza mu 1991, limanena mu gawo 31 kuti mwana ali ndi ufulu wopuma ndi wosewera. Mu 2003 boma lathu linakhazikitsa ndondomeko ya kakulidwe ka ana aang'ono, ndipo kuyambira mu 2024 maiko amakumbukira tsiku la masewera a ana pa 11 June. Ngakhale pa nthawi ya namondwe wa Freddy, amene anasakaza chigawo cha kummwera mu March 2023, sukulu zambiri zitasanduka misasa ya anthu othawa madzi, mabungwe othandiza sanapereke ufa ndi mabulangete okha ayi, anakonzanso malo oti ana azisewerapo. Anadziwa kuti mwana amene waona zoopsa amafunika kusewera kuti mtima wake ukhalenso pansi. Choncho kusangalala kwa mwana si chinthu chapadera choyenera ana a anthu opeza bwino okha.

Chaka chino gulu lathu la amayi linapempha alezi ndi komiti ya sukulu ija kuti tiyese njira ina, ndipo anavomera. Ndikufotokozereni mmene tinachitira, kuti mwina inunso mungatolepo kanthu.

Tinasankha Lachisanu lina m'mwezi wa June, pakuti nthawi imeneyi m'nkhokwe muli chimanga, mbatata ndi mtedza zili mbwee, nzimbe ndi manachesi nazo zatsika mtengo. Lamulo loyamba linali lakuti pasakhale msonkho wa ndalama. Aliyense anabweretsa chimene anali nacho: wina kambale ka ufa, wina nsinjiro, wina nthochi zakupsa, wina mtolo wa nkhuni, wina chidebe cha madzi. Amene analibe kanthu anabweretsa manja awo, natsuka mbale ndi kusesa bwalo. Zonse tinazilandirira kuseri kwa chipinda, osalemba maina pa bolodi, kuti mwana asadziwe kuti amake abweretsa zochepa kuposa amake a mnzake.

Tinaphika phala la mgaiwa losakaniza ndi soya monga Likuni Phala, futali wa mbatata, ndi zitumbuwa. Mtedza tinausinja, pakuti wamphumphu umatha kutsamwitsa mwana wa msinkhu umenewu. Mwana aliyense anasamba m'manja ndi sopo pa madzi othira asanakhudze chakudya. Ndipo mwana sanadzitengere mbale yake yekha: aliyense ananyamula mbale kukapatsa mnzake, iyenso n'kulandira kwa wina. Mukanaona mmene timanja tija tinkanyamulira mbalezo mosamala, ndi mmene nkhope ya wopereka inkawalira mnzake akati zikomo, mukanavomereza kuti kupatsa kumakondweretsa ngakhale mwana wa zaka zitatu.

Zokongoletsa ndi zoyimbira anapanga ndi ana eni ake sabata yonse ya m'mbuyo mwake. Anaumba ng'ombe ndi timiphika tadothi, anapanga maseche a zitsekerero za mabotolo ndi ng'oma za zitini, naluka zisoti za makoko a chimanga. Chisoti chinalipo cha mwana aliyense, ndipo tinasunga zina zisanu zapadera poopa kuti china chingang'ambike mwana n'kutsala wopanda. Chimwemwe cha tsikulo chinayamba masiku okonzekera aja, pakuti mwana amakondwa kawiri ndi chinthu chimene wapanga ndi manja ake.

Chimene chinandikhudza koposa ndi ichi. Mlezi anakhazika ana mozungulira, naika lichero pakati, napatsa mwana aliyense njere imodzi ya nyemba yaikulu, akuyang'anira kuti wina asaiike m'kamwa kapena m'mphuno. Ndipo anati, "Ana inu, aliyense anene chinthu chimodzi chimene chimamukondweretsa, akatero aponye njere yake m'licheromu." Wina anati akondwa agogo ake akamubereka kumsana, wina anati mbuzi yakwawo yaswa, wina anati mvula ikamagwa padenga la malata. Kamnyamata kena kanangoti, "Bambo akabwera." Palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anatchula chinthu chogula m'sitolo. Onse atatha, mlezi anagwedeza lichero lija kuti amve kulira kwa njere, nati, "Imodzi yokha sikanamveka, koma tamverani zikakhala pamodzi." Phunziro lonse linathera pomwepo, ndipo ana analimva. Mwana akaphunzira kutchula chimene chamukondweretsa, amadzathanso kutchula chimene chamupweteka, ndipo mayi wa mwana wotero sakhala mumdima.

Pambuyo pake kunali jingo, chipako, kuthamanga ndi kuvina. Mpikisano wa mphotho sitinaulole, pakuti mphotho imodzi imaseketsa mwana mmodzi n'kuliza makumi atatu. M'malo mwake mlezi anaitana mwana aliyense ndi dzina lake, nanena chabwino chimodzi chimene wamuona nacho chaka chonse, kuti uyu amathandiza kutola zinyalala, uyu amatonthoza anzake akalira, ndipo tonse tinamuwombera m'manja. Mwana wina amene amayenda movutikira anapatsidwa ng'oma, kotero kuti gule yense anayendera dzanja lake. Wamanyazi amene anakana kuvina sitinamukakamize kapena kumuseka. Anakhala pamiyendo pa agogo ena amene tinawaitana kudzakamba nthano, ndipo patapita nthawi tinamuona akugwedeza phazi. Mwambo wonse sunapitirire maola awiri, chifukwa mwana wamng'ono akatopa, chikondwerero chimasanduka kulira. Zolankhula za akuluakulu tinazidula, pakuti tsikulo silinali lathu.

Amayi ena, makamaka a m'tauni, adzati, nanga mkanjo ndi chithunzi zili ndi vuto lanji, pamene ndalama ndi zanga? Zoona, mkanjo si tchimo, ndipo chithunzi cha mwana ndi chokumbukira chabwino. Ngati mwaufunadi, gulu lanu lisoke mikanjo ingapo ya pa sukulu, ana azivala mosinthana chaka ndi chaka, ndipo mayi mmodzi amene ali ndi foni ajambule ana onse. Chimene ndikukana ndi msonkho umene ukhala ngati chitseko. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ana amene lero tikuwalekanitsa ndi mkanjo ndi omwewo adzakhale pa benchi imodzi mu Sitandade 1, pa sukulu za pulaimale zimene boma linachotsapo fizi mu 1994 kuti wosauka asatsalire.

Kamtsikana ka pazenera kaja tsopano kali ku pulaimale, koma mng'ono wake ali pa mkombaphala pomwepo. Pa tsiku lathu lija amake anabwera ndi mtolo wa mpiru pamutu, ndipo ndiwo anayambitsa nthungululu mwana wawo ataitanidwa dzina.

Tsono amayi, msonkhano wa makolo ukaitanidwa pa sukulu ya mwana wanu, musatumize mawu, pitani nokha. Nkhani ya chikondwerero ikafika, funsani funso limodzi musanakweze mkono: kodi ndi mwana uti amene adzatsale panja? Yankho likakhala lakuti alipo, ngakhale mmodzi, pemphani kuti akonzenso.