Mphasa ya Kuseri kwa Chitseko

Mwera utayamba kuomba chaka chino, asodzi a kuno ku Bua atakokera mabwato awo pamtunda kudikira kuti nyanja igone, ndinapezeka nditaima pansi pa mtengo wa mango umene uli m'mbali mwa njira yotsikira kudoko, pamene mnzanga wina anakhala zaka zambiri akusoka maukonde. Ndipo ngakhale patha chaka chathunthu chimuikire m'manda, mtima wanga sunavomerebe kuti pamthunzi paja palibenso munthu. Dzina lake ndilisunga, pakuti abale ake misozi siinaume, koma nkhani yake ndiyenera kuinena, popeza muli mlandu umene ife a mu mpingo sitinauweruze.

Iyeyu anabadwa wamphumphu monga ana onse, nayenda, nathamanga pamchenga, kufikira pamene malungo aakulu anamugwira ali wa zaka zinayi, ndipo pamene thupi linazizira miyendo inali itafota. Achipatala anati ndi poliyo, koma m'mudzi munamveka zina, ena nanena za ufiti, ena naloza chala mayi ake kuti analakwira mwambo. Akuluakulu sananame pamene anati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Anakula akukwawa, zidutswa za matayala zili m'maondo, ndipo ife anyamata anzake tinkasinthana kumubereka popita kusukulu, kumene iye anatiposa tonse pa kuwerenga ndi masamu. Atakula analandira njinga yopalasa ndi manja kuchokera ku bungwe la Malawi Against Polio, limene linayamba ntchito yake mu 1979, ndipo kuyambira pamenepo anadzidyetsa yekha ndi zala zake. Asodzi a chilimira, Akhristu ndi Asilamu omwe, ankadutsa amisiri ena kudzafuna iye, chifukwa mfundo yomanga iye siinkamasuka.

Kudoko anali munthu wofunika, woitanidwa ndi ulemu, wofunsidwa nzeru. Koma Lamulungu likafika, m'nyumba ya Mulungu, anali wapakhomo. Tchalitchi chathu chinali ndi masitepe atatu, ndipo njinga ija siikanakwera. Tsono ankaisiya pabwalo, nakwawa, nakhala pamphasa kuseri kwa chitseko, pakuti kukwawa mpaka kutsogolo pakati pa anthu ovala zoyera chinali chinthu chomulemera mtima. Sindinganene kuti tinkamuda. Pa masika tinkamupatulira mpunga, pa Khirisimasi tinkamupatsa malaya, ndipo m'mapemphero tinkamutchula pamodzi ndi odwala, chinkana sankadwala. Alaliki ena odzacheza ankamuitanira kutsogolo kuti achire, ndipo akalephera kuimirira ankamusiyira katundu wina, womuuza kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Zaka makumi awiri zinatha motero, popanda mmodzi wa ife womupempha kuti agwire ntchito iliyonse ya mpingo. Tsiku lina tikuotcha usipa anandiuza, mosakwiya konse, kuti chimene chinkamupweteka koposa miyendo chinali kulandira masiku onse osapemphedwa kanthu.

Tsono kunadza Lamulungu lina la mwezi wa February, mvula itagwa usiku wonse, Bua atasefukira m'minda ya mpunga, kotero kuti wowerenga mawu, amene ankakhala kutali, sanathe kufika. Akulu a mpingo anayang'anana, ndipo gogo wina wachikazi, amene nthawi zonse ankakhala kumbuyo, ananena mokweza kuti wodziwa kuwerenga alipo, ali pakhomopo. Anamupatsira Buku Lopatulika, ndipo mawu a tsikulo anali a Marko mutu 2. Atayamba kuwerenga ndi liwu lake lija lalikulu, losaphonya chilembo, mpingo wonse unatembenuka, kufulatira guwa ndi kupenya kuchitseko. Ndipo ine, ndikumva za amuna anayi aja a ku Kapernao amene ananyamula mnzawo wopuwala, napeza khomo lodzaza, nasasula denga kuti amufikitse pamaso pa Yesu, manyazi anandigwira amene sindinawaiwale mpaka lero. Amuna aja sanamugoneke mnzawo pabwalo ndi kumulonjeza kuti amuuza za ulalikiwo pambuyo pake. Anaona kuti choyenera kusintha ndi nyumba, naisintha.

Loweruka lotsatira tinaumba njira yotsetsereka pambali pa masitepe aja. Inatidyera matumba awiri a simenti, njerwa zotsala pomanga nyumba ya abusa, ndi mchenga umene amayi anasenza kuchokera kumtsinje. Dzuwa lisanapendeke ntchito inali itatha. Chimene tinachizengereza zaka makumi awiri chinali cha tsiku limodzi. Patapita nthawi anasankhidwa kukhala mlembi wa mpingo, nasunga buku la chopereka mokhulupirika kotero kuti mikangano ya ndalama inatha. Anaphunzitsanso ana a Sande sukulu. Koposa izi, iye ndiye ankadziwa makomo amene ife sitinkawadziwa: mayi wosaona amene analeka kupemphera posowa womutsogolera, mnyamata wosamva amene makolo ankamusiya kunyumba, ndi mtsikana wachialubino amene ankaopa kuyenda yekha. Onsewa anawabweretsa, ndipo tinazindikira kuti mpingo wathu unali woperewera ife osadziwa.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa 1.5 miliyoni ali ndi ulumali, ndiko kunena munthu mmodzi mwa khumi alionse. Inu owerenga, Lamulungu likudzali muwerenge anthu a m'tchalitchi mwanu. Ngati mwa anthu mazana awiri simupezamo makumi awiri aulumali, dziwani kuti otsalawo ali m'nyumba zawo, akumva belu lokha. Boma linakhazikitsa bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA mu 1971, linaika lamulo la anthu aulumali mu 2012, nalikonzanso mu 2024, ndipo mabungwe a anthu aulumali a mu mgwirizano wa FEDOMA sanaleke kufuula. Malemu Rachel Kachaje, amene poliyo inamukhazika pa njinga ali mwana, anafika pokhala nduna ya boma mu 2013. Ngati dziko latha kupereka mpando wotere, nanga mpingo, umene Uthenga wake unafika ku Nkhotakota mu 1894 pamodzi ndi sukulu ndi mankhwala, udzakhala wotsiriza bwanji?

Mfumu Davide, pofuna kuchitira chifundo Mefiboseti, mwana wa Jonatani, wopunduka mapazi onse awiri, akanatha kumutumizira chakudya ku Lodebara kumene ankakhala. Koma anamuitanitsa, namubwezera minda ya agogo ake, namukhazika pagome lake masiku onse monga mmodzi wa ana a mfumu. Ndicho chifundo chimene Malembo atiphunzitsa, cha kumupatsa munthu malo ake ndi ntchito yake. Mtumwi Paulo naye anauza Akorinto kuti ziwalo zooneka zofooka ndizo thupi silingakhale popanda izo.

Chifukwa chake ndikupemphani, abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano, kuti musadikire chigumula monga tinachitira ife. Gumulani masitepe kumene ayenera kugumulidwa, tumizani wachinyamata mmodzi akaphunzire chinenero cha manja, lekani kuyesa chikhulupiriro cha munthu ndi miyendo yake, ndipo posankha maudindo chaka chino mutchule dzina la amene akhala kuseri kwa chitseko. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Pitani kwa iye sabata ino, mukamufunse ntchito imene afuna kugwirira Ambuye.