Mwana akachita makani kumudzi, chikwapu chidikire

Nyengo ya Khirisimasi mabanja ambiri amakwera basi mumsewu wa M1 kukaona abale ku Champhira ndi midzi ina yakummwera kwa Mzimba. Akafika, mwana wa zaka ziwiri amakana kupereka moni, amataya nsima, kenaka n'kudzigwetsa pansi agogo akuona.

Mayi ake, makamaka ngati kumeneko n'kuchimuna komwe mtengwa amayang'anitsitsidwa pa chilichonse, sachedwa kuthyola kamtengo. Kunena zoona, chikwapu chotere chimangochotsa manyazi a kholo pamaso pa apongozi. Mwanayo saphunzirapo kanthu.

Mwana ameneyu watopa ndi ulendo, wazunguliridwa ndi nkhope zachilendo, aliyense akufuna kumunyamula, ndipo mwina Chitumbuka chimene akumulankhula sakuchimva. Pamsinkhu umenewu chida chake chachikulu ndi mawu oti "ayi".

Kumulekerera nakonso n'kulakwa, pajatu m'mera mpoyamba. Koma kholo limutengere kuseri kwa nyumba, lidikire atonthole, limuuze mwachidule chimene walakwa, kenaka abwerere kukapepesa kwa agogo. Ngati vuto ndi njala kapena tulo, liyambe lathana ndi zimenezo.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapatsa makolo udindo woteteza mwana ku nkhanza, ndipo kumenya mtima uli m'mwamba sikuchedwa kufika pamenepo.

Achibale nawonso achepetse zonena kuti ana a m'tauni alibe mwambo. Woyenera kuwaletsa ndi bambo wa mwanayo, popeza kumeneko ndi kwawo. Asangokhala pabwalo ndi amuna anzake ngati nkhaniyo ndi ya mkazi yekha.